Ana aphunzire za boma ndi malonda potsata thumba la feteleza

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa kaphunzitsidwe ka za boma ndi chuma m'sukulu zathu za sekondale. Ana athu amaloweza bwino ndithu kuti boma lili ndi nthambi zitatu, yoyendetsa dziko, yopanga malamulo ndi ya makhoti, ndipo ambiri angakuuzeni mosadodoma kuti bungwe la SADC linayamba ngati SADCC ku Lusaka mu 1980 lisanasinthidwe ku Windhoek mu 1992. Koma mukawafunsa chomwe chimakweza mtengo wa feteleza amene makolo awo amagula chaka ndi chaka, amangoti kakasi. Zimene akuloweza sizikukhudzana ndi zimene akuona kunyumba.

Ine ndikupempha kuti aphunzitsi azitenga thumba limodzi la feteleza n'kulitsata kuchokera komwe lachokera mpaka kumunda. Feteleza wambiri timagula kunja, ndipo ogulitsawo safuna kwacha koma madola, amene dziko lino limawapeza makamaka pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga. Mwana akamvetsa zimenezi, sadzavutika kuona chifukwa chake mitengo inakwera pamene Reserve Bank inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Popeza Malawi alibe doko la panyanja yamchere, thumbalo limatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, kenako limabwera pa galimoto kudzera ku Tete ndi ku Mwanza kapena ku Songwe, kapena pa sitima ya pamtunda kudzera ku Nayuchi, ndipo mtunda wonsewo mlimi ndi amene amaulipira pamapeto pake. Pachipata cholowera m'dziko pali a MRA, otolera misonkho, ndipo apa mphunzitsi angafotokoze bwino za msonkho ndi ntchito yake. Ndalama zimene boma limaika pa zipangizo zaulimi zotsika mtengo zimavomerezedwa ndi aphungu pokambirana bajeti, choncho Nyumba ya Malamulo imene ana amaiona ngati ya ku Lilongwe kokha ili ndi gawo pa thumba lomwelo.

Mgwirizano wa maiko nawonso umamveka msanga ukaphunzitsidwa motere. Ziwonetsero zitabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha Okutobala 2024, magalimoto onyamula katundu ankavutika kudutsa, ndipo vuto la mafuta, lomwe linalipo kale chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, linakula. Mwana amene anaona mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta safunika kuuzidwa kawiri kuti mtendere wa dziko loyandikana nalo ndi nkhani ya chuma chathu. Chimodzimodzi COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa, yomwe likulu lake lili ku Lusaka, iphunzitsidwe poyang'ana amayi amene amadutsa ndi katundu wawo pa chipata cha Mchinji, chifukwa ndi iwo amene ndondomeko yopeputsa malonda a amalonda ang'onoang'ono inawapangidwira, ngakhale ambiri mwa iwo sanaimvepo.

Aphunzitsi paokha sangasinthe zambiri, pakuti amaphunzitsa zimene mayeso amafunsa. N'chifukwa chake pempho langa likupita kwa a Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amakonza silabasi, ndi kwa a MANEB, kuti pa mayeso a JCE ndi MSCE pazikhala mafunso ofuna kuti mwana afotokoze mmene zinthu zimayendera, osati ongofuna chaka chimene bungwe linakhazikitsidwa.

Mphunzitsi wopuma,
Balaka