Kalata yochokera ku makola a ku Lambourn

Lambourn, December 2025

Achimwene,

Kalata yanu yandipeza. Yabwera ndi mlamu wa a Gondwe pamodzi ndi kapaketi ka usipa kaja, ngakhale theka lake lafika litasanduka ufa. Zikomo kwambiri. Koma amwene, masamba atatu athunthu, moni mizere iwiri yokha, kwinako n'kundifunsa dzina la kavalo woti mubetchere? Ine ntchito yanga ndi kuwola ndowe m'khola. Ndikanakhala wodziwa kavalo wopambana, bwenzi ndikudzuka mdima uli bii kukakankha wilibala? Eni ake akavalowa, anthu oyenda pa ndege zawozawo, nawonso amaluza mpaka kutukwana. Ndalama ya feteleza ija isiyeni pomwe ili, alamu asadzandiimbire foni kuti ndapasula banja lawo.

Kuno tili moyo, kungoti kuzizira kwafika poipa. Madzi m'zidebe amaundana usiku, m'mawa timachita kuswa ndi chidendene cha jombo. Dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane. Za chisankho tinatsatira pa foni, ndipo sindiyankhapo, mumandidziwa. Chandipsetsa mtima ine ndi magolovesi. Ndinagula abwino, aubweya mkati, ndinawayanika pa paipi yotentha, kubwerako palibe. Ndikumudziwa amene watenga, amawavala pamaso panga, koma kuno ukangokweza mawu amati tikambirane ku ofesi. Zala zang'ambika moti cholemberachi ndikuchigwira mopendekera, mundikhululukire zilembo.

Imene ikundisowetsa tulo ndi nkhani ya Mdala, kavalo wina wa m'makola athu kuno. Si dzina lake la m'mabuku, ndinangomupatsa ine, ndipo anyamata a ku India ndi a ku Ireland amene timagwira nawo ntchito ayamba kumuitana choncho. Pa 1 January akwanitsa zaka 12, poti kuno akavalo onse ampikisano amawawerengera tsiku limodzi lobadwa. Kwa kavalo wolumpha mipanda umenewo ndi ukalamba. M'mawa ndikamusisita mwendo wakutsogolo ndimamva kutentha pamtsempha. Ndikawauza akapitawo amagwira, n'kupukusa mutu, n'kuti thirani madzi ozizira. Mwini wake akufuna athamangenso chaka china. Amabwera Loweruka ndi makaroti m'thumba, kumujambula, basi wapita.

Mwina munamva za mu April ku Aintree, kufupi ndi Liverpool, pa Grand National. Umenewu ndiwo mpikisano umene ngakhale agogo osadziwa kavalo amabetcherako: makilomita pafupifupi 7, kulumpha mipanda ka 30. Anapambana Nick Rockett, wokwera wake Patrick Mullins, mphunzitsi wake bambo ake omubereka, Willie Mullins, ndipo bamboyo analira pa TV anthu n'kumaombera m'manja. Koma kumbuyo kunali Celebre d'Allen, wa zaka 13. Mphamvu zinamuthera poyera aliyense akuona, wokwerayo anapitirizabe mpaka kulumpha mpanda womaliza, kavalo n'kugwa. Anamutsitsimutsa, tonse tinati wapulumuka, patapita masiku ochepa tikumva wafa. Wokwerayo anamuletsa kukwera masiku 10. Ife tinaonera m'chipinda chosungira zishalo, ndipo palibe anayankhula. Ine maso anangopita ku khola la Mdala.

Sindikunena kuti sakuyesetsa. Atafa akavalo awiri, Synchronised ndi According to Pete, pa mpikisano womwewu mu 2012, anachotsa mitengo yolimba mkati mwa mipanda ija n'kuikamo pulasitiki yopindika. Mu 2023 achinyamata a Animal Rising, gulu lomenyera ufulu wa nyama, anakwera mpanda wa bwalo kuti aletse mpikisano, apolisi anamanga anthu oposa 100, mpikisano unachedwa kuyamba, ndipo kavalo wotchedwa Hill Sixteen anafera pa mpanda woyamba. Mphunzitsi wake anati achinyamatawo ndiwo anasokoneza kavalo wake, iwo anati wamupha ndi mpikisano. Chaka chotsatira akavalo anawachepetsa kuchoka pa 40 kufika pa 34, mpanda woyamba anausendeza pafupi kuti asaufikire ali pa liwiro lalikulu. Kunoko aliyense amadana nawo achinyamata aja, ndipo inenso amandinyansa akamanena ngati ife timazunza nyama, pomwe sanagonepo m'khola kudikirira kavalo wodwala m'mimba. Koma ndikuuzeni inu nokha, pakanapanda phokoso lawo 40 uja akanakhalapobe. Izi kuntchito sindinganene.

Munafunsa chifukwa chake amapha kavalo wothyoka mwendo m'malo momumanga chikhakha. Nyamayi imalemera makilogalamu 500 pa timiyendo toonda. Fupa likathyoka ali pa liwiro limaphwanyika zidutswazidutswa, nthawi zina kuboola khungu. Sangagone miyezi ngati munthu, ndipo akaima ndi miyendo itatu ziboda zinazo zimayamba kutupa mkati, matenda otchedwa laminitis, opweteka koopsa. Ku America anayesa ndi Barbaro, amene anapambana Kentucky Derby mu 2006 n'kuthyoka mwendo patangotha milungu iwiri. Ndalama zinalipo, madokotala analipo, anavutika naye miyezi 8, mapeto ake anamubayabe jakisoni mu January 2007. Ndiye mukaona pa TV akuzunguliza nsalu zobiriwira pamene kavalo wagwera, kawirikawiri dziwani kuti zatha. Eni masewerawa amati pa maulendo 1,000 alionse amene kavalo wathamanga, amafa awiri kapena kuposerapo pang'ono. Papepala n'zochepa. Koma amene amabwerera pa lole yopanda kanthu atanyamula chingwe m'manja ndi munthu ngati ine.

Chikwapu ndiye amachiwerengera ngati ndalama. Kuyambira 2023 wokwera amaloledwa kukwapula ka 7 pa mpikisano wolumpha, ka 6 pa wosalumpha, akapyola ndi kanayi kavalo amalandidwa chipambano. Pali anthu amalipidwa kukhala pansi n'kumabwereza vidiyo kuwerenga zikwapuzo. Chabwino. Nanga kavalo akasiya kuthamanga amawerenga ndani? Lilipo bungwe la Retraining of Racehorses lowapezera ntchito zina, koma mu 2021 BBC inaonetsa kuti akavalo ampikisano masauzande anathera kophera nyama. Mdala ndi wofula, sangabereke, ndipo ndi waukali, mwana sangamukwere. Amufuna ndani? Usiku wina ndinafika pofufuza pa foni mtengo womutumizira ku Dedza. Musaseke. Ndinamuona m'maganizo atamangidwa pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba ya mayi, mudzi wonse utasonkhana, a Jere akufunsa ngati angakoke ngolo. Kenaka ndinakumbukira kuti ameneyu amadya chakudya choposa cha banja lanu lonse, amavala bulangete, amadulidwa ziboda mwezi ndi mwezi, amapalidwa mano ndi dokotala. Ndipo udzudzu ndi tizilombo toluma takwathu tingamumalize mvula imodzi isanathe. Mwina mumulandire inuyo, mumugoneke pabalaza.

Pa 10 September mipikisano yonse ku Britain inaimitsidwa dala, kukwiyira boma limene linkafuna kukweza msonkho wa obetcha. Ndalama zoyendetsera masewerawa, kuphatikizapo za madokotala a ziweto, mbali ina zimachokera pa 10 peresenti ya phindu la makampani obetchetsa, ndiye aliyense amakuwa kuti asenze ndi mnzake. Mabwana anavala masuti kupita ku Westminster, kumene kuli nyumba ya malamulo, ndipo mu November boma linakweza msonkho wa juga zina n'kusiya akavalo. Ife sitiraka imeneyo sinatikhudze, kavalo sadziwa sitiraka, amafuna udzu wake. Koma tsiku lomwelo ndi limene tinadzuka n'kumva kuti ma drone a Russia alowa mu Poland usiku, ena awagwetsa. Masana aNaphiri akuimba kuchokera ku Reading, mawu akunjenjemera, kufunsa ngati Poland ili pafupi ndi Estonia.

Paja mwana wawo Chikondi ali ku Tapa, ku Estonia komweko, ndi asilikali a Britain, amene akhala akusinthana kumeneko kuyambira 2017. Kamwana kaja kankatithamangira kutipempha ndalama ya mandasi, lero kakuyendetsa chigalimoto chankhondo m'chipale. Patangotha masiku ochepa ndege zitatu za Russia zinalowa mumlengalenga mwa Estonia kwa mphindi 12, ndipo aNaphiri anasiya kudya. Tsopano akangomva Trump watchula NATO, mgwirizano wotetezana pa nkhondo wa mayiko a ku Ulaya ndi America, amandiimbira ine, ngati ndine nduna. Funso lawo ndi limodzi: zikavuta, Amereka abwera kudzathandiza mwana wanga kapena ayi?

Ndiyankhe chiyani? Mkanganowu ndi wakale. Mu 2014 ku Wales mayiko a NATO anagwirizana kuti dziko lililonse lizigwiritsa ntchito 2 peresenti ya chuma chake pa asilikali. Nthawi imeneyo okwanitsa anali atatu okha, America, Britain ndi Greece. Pofika 2024 anali 23 mwa 32, ndipo chinawadzutsa ndi Ukraine. Trump amayankhula ngati ndi ngongole imene anzakewo sakumubweza, pomwe ndalamazo sizipita kwa iye, dziko lililonse limagulira asilikali ake omwe. Pa kampeni mu 2024 anafika ponena kuti osalipira sadzawateteza, Russia iwachite zomwe ikufuna. Mawu amenewo ndi amene aNaphiri anasunga. Mu June chaka chino ku The Hague anawakweza mpaka 5 peresenti pofika 2035, 3.5 ya asilikali ndi zida, 1.5 ya misewu, madoko ndi zina zotero. Pafupifupi onse anavomera, mkulu wa NATO Mark Rutte mpaka kumunyengerera Trump ngati bambo wa pakhomo. Pedro Sánchez, nduna yaikulu ya ku Spain, yekha anakana, anati iye 2.1 yamukwanira, sadula za zipatala ndi penshoni. Trump anamuopseza ndi misonkho ya malonda, mu October n'kunena kuti mwina angomuchotsa mu mgwirizano. Poland, imene ili pakamwa pa ng'ona, inadutsa kale 4 peresenti osadikira kuuzidwa.

Tinakangana za izi pa nkhomaliro. Mnyamata wa ku Ireland anati America ikulira chiyani, si mmene timachitira ife? Pa mipikisano yambiri kavalo wamphamvu ndiye amasenzetsedwa katundu wambiri, timalowetsa zidutswa za mtovu m'nsalu ya pansi pa chishalo kuti onse afike pamzere limodzi. I Am Maximus atapambana National mu 2024, chaka chino anamusenzetsa makilogalamu 75, woposa onse, n'kufika wachiwiri. Akapitawo anayankha kuti kusiyana kwake n'kwakuti kavalo savota. Ine ndinati nonse mukuwerenga mtovu, koma msana ndi wa Chikondi. Anandiyang'ana ngati ndaledzera, n'kubwerera ku nkhani ya mpira. Mnyamatayo dziko lake silili n'komwe mu NATO, koma pakamwa ndiye mbambande.

Chimene chimandiwawa n'chakuti lamulo lawo lija lakuti woputa mmodzi waputa onse linagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha, ndipo anathandizidwa ndi America yemweyo, pambuyo pa 11 September 2001. Asilikali a Britain 457 anafera ku Afghanistan. Denmark, kadziko kochepa, inataya oposa 40. Amenewo salowa mu peresenti. Komabe sindinganame, a ku Ulaya anagona tulo zaka zambiri podalira thumba la wina, ndipo munthu wa ku America wokhoma msonkho ali ndi chifukwa chodandaulira.

Inu musaganize kuti izi n'zakutali. Mu February nduna yaikulu ya Britain Keir Starmer atalengeza kuti ndalama za asilikali zikwera kufika 2.5 peresenti pofika 2027, ananena poyera kumene azitenge: thandizo la mayiko osauka litsika kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3. Nduna yoona za thandizolo, Anneliese Dodds, inatula pansi udindo. USAID nayo munaona mmene inathera. Ndiye nsapato za Chikondi zikugulidwa ndi ndalama imene mwina ikanagula mankhwala kuchipatala kumene agogo ake amakalandira. Ndikafuna kukwiya sindidziwa ndikwiyire mbali iti, poti onsewo ndi athu. Ndipo kwathuko tinalawa zomwezi mu January. SADC ili ndi mayiko 16, koma otumiza ana awo kunkhondo ya ku Goma, ku DRC, anali atatu, ife, South Africa ndi Tanzania. Athu atatu anabwera m'mabokosi, a ku South Africa 14 anafa masiku omwewo, kenaka onse anauzidwa kuti abwerere. Simunandilemberepo ngati mphwanu wa ku Cobbe Barracks uja anali nawo ulendo umenewo. Mwadzaza pepala ndi za kubetcha, za iye osatchula.

Khirisimasi ndigwira ntchito. Pa 26 kuli mpikisano waukulu ku Kempton, makola onse amakhala piringupiringu, ndipo amene alibe banja kuno ndiye woyamba kulembedwa pa ndandanda. ANaphiri andiitana kukadya nsima pa 27 ngati basi iyenda, ati aphika nkhwani za m'firiji. Ufa wa kuno ndi woyera bwino koma sugwira m'mimba, ukadya 7 koloko pofika 10 njala. Mukapeza wobwera, chonde ufa wa mgaiwa pang'ono ndi chambiko, osati usipa wopondedwa m'chikwama.

Muwapatse moni alamu ndi ana, ndi a Jere muwauze ngolo adikire. Za malata a nyumba ya mayi, mmisiri uja musamupatse ndalama yonse nthawi imodzi, chifukwa ulendo watha uja atangolandira... pepala landithera apa, ndipo alamu ya foni ilira 5 koloko. Zinazo ndilemba ndikagula lina.

Ine mbale wanu wa kumakola