Gondolosi si muzu wokha

A Mkonzi,

Ndagwira ntchito yosamalira maluwa m'nyumba za ku Avondale ndi Highlands kuno ku Harare kwa zaka 31, koma makolo anga kwawo ndi ku Zomba. Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Mufakose, mnzathu wina amene wangobwera kumene pa basi kuchokera ku Blantyre anamasula kamtolo ka gondolosi, abambo onse n'kumuunjirira. Ndinawafunsa kuti ndani mwa iwo anaonapo tsamba la chomera chimenechi. Onse kuti zii. Zinandiwawa mumtima, n'chifukwa chake ndakulemberani.

Gondolosi, amene akatswiri amamutcha Mondia whitei, ndi chomera choyanga. Sayima payekha. Amazengereza tsinde lake pa mtengo wina mpaka kukafika kunsonga kumene kuli dzuwa, ndipo akakula tsindelo limalimba ngati mtengo kumunsi kwake. Masamba ake ndi aakulu kuposa chikhatho, ooneka ngati mtima, ndipo amamera awiriawiri moyang'anizana. Pamfundo pamene masambawo atulukira pali kamphonje ka manomano kozungulira tsinde. Agogo anga aamuna ankandigwiritsa chala pamenepo n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, ukaona aka usakayikenso." Mukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka.

Maluwa ake sanunkhira bwino ayi, fungo lokoma lija lili kumuzu. Koma zipatso ndiye zimandisangalatsa kwambiri. Zimabala ziwiriziwiri ngati nyanga, ndipo zikauma zimang'ambika n'kutulutsa njere zokhala ndi ubweya wofewa ngati thonje, mphepo n'kuziuluza. Umo ndi mmene gondolosi amadzifesera m'nkhalango.

Tsono wokumba akazula muzu wonse chomera chisanabale, njerezo zichokera kuti? Ku South Africa gondolosi ali kale pa mndandanda wa zomera zimene zili pangozi yotheratu, chifukwa cha kukumba komweku. Sindifuna kudzamva zomwezo za m'mapiri a kwathu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kumudzala sikuvuta. Zaka zinayi zapitazo mlongo wanga ananditumizira njere mu envulopu. Ndinazifesa m'zitini za dothi losakaniza ndi manyowa, zitamera ndinaokera kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mapeyala pamene pali mthunzi ndi chinyontho. Ziwiri zinapsa ndi chisanu cha mu June, poti Harare amazizira, koma zitatu zinapirira ndipo lero zafika kunthambi zam'mwamba.

Pempho langa kwa ogulitsa gondolosi ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe ndi lakuti muziwauza okukumbiraniwo asiyeko mizu ina m'nthaka, akwirire dzenje, ndipo atole njere zikakhwima. Inunso a Mkonzi, tsiku lina mutijambulireko tsamba ndi chipatso chake m'nyuzipepa yanu, kuti ana athu obadwira kuno achidziwe chomerachi chili chamoyo.

Wosamalira maluwa,
Mufakose, Harare