Kwa mdzukulu wanga, za mawu aja akuti harbour

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi abambo ako. Kuno ku Monkey Bay tili bwino, kungoti mwera wayamba, ndiye usiku kukuzizira.

Amayi ako andiuza pa foni kuti aphunzitsi anakupatsani mawu a Chingerezi oti mupangire ziganizo, ndipo iwe unaima pa harbour. Akuti m'buku mwako muli chithunzi cha sitima zitaima padoko, koma pabolodi aphunzitsi analemba kuti she harbours a grudge, ndiye ukufunsa kuti sitima zija zalowa pati. Wafunsa bwino kwambiri, ndipo ndati ndikuyankhe pa kalata kuti uziwerenga mofatsa.

Mawuwa ndi akale, apitirira zaka 1,000. Makolo a Angerezi ankati herebeorg. Here linali gulu la asilikali, beorg panali pothawira. Ndiye poyamba sinali nkhani ya sitima ayi. Anali malo amene asilikali otopa ankagonapo pa ulendo, kenaka anthu anayamba kutchula choncho nyumba iliyonse yofikira alendo. Mpaka lero Ajeremani nyumba yotere amati Herberge. Patapita nthawi, amalinyero nawo anatenga dzinali n'kulipereka ku malo amene sitima zimabisala mphepo. Ku Britain amalemba harbour, ku America amachotsa u n'kulemba harbor. Iwe uzilemba ndi u, monga m'mabuku a kusukulu kwanu.

Doko lotere unalionapo, ngakhale unali wamng'ono. Ukukumbukira Ilala, sitima yaikulu ija? Anaipanga ku Scotland mu 1949, n'kuibweretsa zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Imachoka kuno n'kupita kumpoto, kudzera ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Mwera ukalusa, pakati panyanja mafunde amakula mpaka asodzi sayerekeza kupalasa bwato. Koma kuno mapiri anazungulira madzi, mphepo imafika itatha mphamvu. Ilala ikalowa, umaona anthu akutsika ndi matumba a usipa pamutu, ana kumsana, ena atagwira nkhuku m'khwapa, nkhope zonse zitamasuka poti afika.

Munthu nayenso amatha kuchita zimene doko limachita. Akabisa mnzake m'nyumba kuti adani asamupeze, Mngerezi amati wamuchita harbour. Kawirikawiri amatero ponena za wothawa apolisi, ndipo kubisa mbava ndi mlandu. Pa kulandira munthu amene wagwa m'mavuto amakonda kunena kuti shelter, kapena take in. Izi a Malawi timazidziwa. Nkhondo itavuta ku Mozambique, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira kuno, ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu, ku Dedza ndi kwina. Ambiri sanafikire m'misasa, anafikira m'midzi, mafumu n'kuwapatsa pomanga. Atsogoleri awo atasainirana za mtendere ku Rome mu 1992, anayamba kubwerera kwawo. Ndiponso mu Marichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa nyumba ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anagona m'makalasi ndi m'matchalitchi. Kalasi imene wina amagonamo chifukwa kwawo kwagwa, imeneyo ndiye shelter.

Tsono tafika pa chiganizo cha aphunzitsi. Grudge ndi chakukhosi, mangawa aja munthu amasungira mnzake akamulakwira. Angerezi anaona kuti mkwiyo nawo umafuna pogona. Umabwera, n'kupempha malo mumtima, ndipo mwini mtimayo ndiye amavomera kuti ukhale. She harbours a grudge ndiye kuti mayiyo wapatsa chakukhosi malo, akuchibisa, sakufuna chichoke. Amanenanso kuti hold a grudge, kuchigwiritsa osachitaya, ndi bear a grudge, kuchisenza. Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi akuti nurse a grudge. Nurse uja umamudziwa ndi namwino, koma mawuwa amanenanso kuyamwitsa khanda. Taganiza, munthu kumayamwitsa mkwiyo tsiku ndi tsiku kuti ukule! Pa zinthu zabwino ali ndi mawu ena okoma, cherish, kusunga chinthu mwachikondi, monga mmene amayi ako amasungira kachipewa kamene unavala uli khanda.

Ndikuuze chilungamo, mdzukulu wanga. Amayi ako andiuzanso za msuweni wako. Ndamva kuti atabwera kudzakhala nanu nyumba yawo itagwa ndi mvula, iwe ndiwe unayamba kumugawira bulangete, n'kumuonetsa pamene pamakhala sopo ndi njira ya kumjigo. Mtima wanga unasangalala kwambiri. Ndamvanso kuti anataya tiyi pa kope lako la Masamu, masamba n'kumatana, ndipo kuyambira tsikulo sukumulankhula. Pogona ukuika pilo pakati, pa nsima ukukhala chomufulatira.

Sindikukudzudzula chifukwa chokwiya. Kopelo unalisamala, unalikutira ndi nyuzipepala, ndipo munali machongi ambiri ofiira. Aliyense zikanamuwawa. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mkwiyowo wakhalitsa. Padoko lathu sitima zimalowa, kutsitsa katundu, n'kutulukanso. Koma bwato limene mwini wake analisiya pagombe osalisuntha limadzaza madzi, limamera ndere, ndipo anzake akabwera ndi nsomba amasowa pokocheza. Sindikufuna mkwiyo wa kope utseke malo a msuweni wako.

Uganizirenso mbali yake. Iye makope ake onse anapita ndi madzi, pamodzi ndi yunifolomu ndi nsapato. Akugona pa bedi la eni, akudya m'mbale za eni, ndipo amayi ake ali kutali. Mwina akufuna kupepesa koma akuopa nkhope yako. Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Nyumba yawo ikatha kumangidwa adzapita, ndipo udzamusowa.

Madzulo ano umuuze ndi pakamwa pako kuti, "Ndinakwiya chifukwa cha kope langa." Usakuwe, ungonena. Iye akayankha, umumvetsere mpaka amalize. Kenaka uwauze amayi ako akugulire kope lina pa ndalama imene ndatumiza, ndipo awirinu mukhale pansi mukopere limodzi masamu amene akuonekabe, wina aziwerenga, wina azilemba.

Pali chinanso chofunika. Zinthu zina siziyenera kugona mumtima ngakhale usiku umodzi. Munthu wina aliyense, wamkulu kapena mwana, akakuchita choipa kapena kukuopseza kuti usaulule, uwauze amayi ako tsiku lomwelo, kapena undiimbire ineyo. Sudzakalipiridwa.

Ukandiyankha, undilembere ziganizo zitatu: china cha harbour, china cha shelter, china cha cherish, ndione mmene dzanja lako likuyendera. Agogo ako aakazi akupereka moni, akuti tchuthi chikubwerachi mubwere nonse awiri. Upereke moni kwa abambo ako ndi kwa msuweni wako.

Ndine agogo ako okukonda.