Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg

Achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino kumeneko. Mwadandaula kuti anzathu akukana kulowa m'gulu losonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi, chonsecho mwawafotokozera kangapo. Ganizolo ndi labwino. Pavuta ndi poti mukuyambira pa msonkhano. Munthu akakana pamaso pa anzake, kubweza mawu kumamuchititsa manyazi, ndiye amangoumirira.

Yambani ndi anthu atatu kapena anayi amene ena amawamvera, aliyense payekha. Muwapeze Lamlungu masana, osati madzulo atangotsika taxi ali wefuwefu. Mphindi zisanu zoyamba za ndalama musatchule. Funsani za kumudzi, za ana, za ntchito, foni ili m'thumba. Kenaka ponyani funso limene sangayankhe ndi "eya" kapena "ayi" chabe, monga: "Maliro apitawa aja, munaona kuti chinavuta n'chiyani kuti thupi lifike kwawo?"

Mukafunsa, tsekani pakamwa. Ambiri amagwera pomwepa. Mnzawo akangokhala phee pang'ono, iwo amayamba kudziyankha okha, ndipo zimene anali kukonza kunena zimathera m'mimba. Werengani chamumtima mpaka 5. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akati, "Magulu oterewa amangodya ndalama za anthu," musatsutse. Mubwezereni nkhawa yakeyo mofatsa: "Ndiye kuti chikukuopsani ndi wosunga ndalama?" Akagwedeza mutu, mwapeza pogwira. Mufunseni kuti iyeyo angakonze bwanji. Mwina anena kuti osaina kubanki akhale atatu, ndipo malisiti aziwerengedwa pagulu mwezi ndi mwezi. Tsiku la msonkhano, nenani poyera kuti nzeruyo ndi yake. Mudzaona akuiteteza kuposa inuyo.

Chenjeraninso ndi "koma". Mukati "Mwanena zoona, koma…" wakumvayo amaiwala zoonazo, amangodikira ndewu. Wamkulu musamudule mawu, ndipo akaphonya, kamuuzeni pambali.

Pa WhatsApp, uthenga wa mawu usapitirire mphindi imodzi. Nkhani ikayamba kutentha, lekani kulemba, muimbireni mwini wakeyo. Zolemba sizionetsa nkhope, munthu amaziwerenga ndi mkwiyo wake.

Potsanzikana musapemphe kuti alowe gulu lero lomwe. Pemphani chimodzi chopepuka: abwere ku msonkhano wotsatira ndi mnzake mmodzi.

Mundilembere zikayenda. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wakale.