Maboti olondera madoko akutikhudza nafenso

Akonzi,

Ngakhale kuti kuno ku Chipata tilibe nyanja, nkhani ya maboti ang'onoang'ono a asilikali olondera madoko ikutikhudza, chifukwa feteleza wina amene timathira m'chimanga amatsikira pa madoko a Nacala ndi Beira, ku Mozambique. Sitima zikuluzikulu zankhondo sizingayende m'madzi osaya, koma maboti amenewa, okhala ndi injini zamphamvu ndi nyali zowunikira usiku, amalondola ozembetsa katundu mpaka kugombe.

Ndikupempha boma kuti lisaiwale doko lathu la Mpulungu, panyanja ya Tanganyika, pamene simenti ndi shuga zimapakiridwa kupita ku Burundi. Likagula maboti otere, lizipatulanso ndalama za mafuta ndi zokonzetsera injini chaka chilichonse.

Wowerenga wanu,
Chipata