Ntchito ya wolemba mabuku wapamtima isasanduke mpikisano wokongoletsa mapepala

Bwana Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa ntchito imene aphunzitsi ambiri a m'sukulu za pulayimale amapatsa ana, yoti mwana asankhe wolemba mabuku amene amamukonda, afufuze za iye, kenako adzafotokozere anzake m'kalasi. Ntchitoyi ndi yabwino ndipo sindikufuna kuti ithe, koma momwe ikuyendera m'malo ambiri, mwana angathe kuimaliza n'kulandira malikisi apamwamba asanawerenge mpaka kumapeto ngakhale buku limodzi la munthu amene akuti ndi wapamtima wakeyo. Apa ndi pamene pagona dandaulo langa.

Aliyense amene wakhalapo pa tsiku loonetsa ntchitozi akudziwa zimene zimapachikidwa pakhoma. Pamakhala chipepala chachikulu, pakati pake chithunzi cha wolembayo chosindikizidwa kuchokera pa intaneti, m'mbali mwake maluwa ojambulidwa ndi makrayoni, ndipo m'munsi mwake mndandanda wa chaka chimene anabadwa, mudzi umene anabadwira, sukulu imene anaphunzira, mphoto zimene analandira ndi chaka chimene anamwalira. Mwana amaimirira pafupi ndi chipepalacho n'kulakatula zonsezi pamtima osaphonya chaka ngakhale chimodzi, makolo n'kuomba m'manja. Koma mumufunse kuti ndi mpangankhani uti amene anamukwiyitsa m'bukumo, kapena kuti nkhaniyo inatha bwanji, mudzaona maso ake akuthawira ku chipepala chija kukafuna yankho limene mulibemo. Ndi chikomekome cha mkuyu chenicheni, ndipo cholakwa si cha mwanayo ayi, chifukwa iye wachita zimene anaona kuti ndi zobweretsa malikisi.

Gwero la vutoli lili pa kachongedwe. Mphunzitsi amene ali ndi ana ambiri m'kalasi amafuna zinthu zimene angazione ndi maso mwamsanga, ndipo kukongola kwa chipepala, kuwongoka kwa malembo ndi kuchuluka kwa mfundo za mbiri ndi zinthu zosavuta kuchonga. Kudziwa ngati mwana wawerengadi kumalira nthawi, pakuti kumafuna kukhala naye pansi ndi kucheza naye. Ana nawonso sachedwa kuzindikira kumene kukulemera sikelo. Akaona kuti amene anakongoletsa kwambiri ndiye wapambana, chaka chotsatira onse adzathera masiku awo pa guluu ndi sizasi, buku lili chitsekere m'chikwama.

Tikumbutsane chimene ntchito imeneyi inayambitsidwira. Mwana akawerenga mabuku angapo a munthu mmodzi, kuwerengako kumanka kukupepuka, chifukwa wolemba aliyense ali ndi mawu amene amawakonda, kamangidwe ka ziganizo kamene amabwerezabwereza, ndiponso mtundu wa anthu ndi malo amene amabwererako nthawi ndi nthawi. Buku loyamba mwana amalimbana nalo, lachiwiri amaliyenda mosavuta, ndipo pofika lachitatu amakhala atayamba kulosera zimene wolembayo achite patsamba lotsatira, zimene zimamupatsa chisangalalo cha munthu wodziwa njira. Katswiri wa kaphunziridwe ka zilankhulo wa ku America, Stephen Krashen, wakhala akulimbikitsa kuwerenga kotereku, kotsata wolemba mmodzi kapena mutu umodzi, ponena kuti kubwerabwera kwa mawu omwewo m'nkhani zosiyana ndiko kumathandiza wowerenga kuwagwira popanda kuwaloweza. Choncho phindu la ntchitoyi lagona m'kuwerenga buku lachiwiri ndi lachitatu. Nkhaniyi si yaing'ono tikakumbukira kuti lipoti limene World Bank inatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena mu 2022 linayerekeza kuti ana 70 mwa 100 alionse a zaka khumi m'mayiko osauka ndi apakatikati sangathe kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yaifupi yosavuta. Pamene zinthu zili chonchi, nthawi imene yapatulidwa kuti ikhale ya kuwerenga siyenera kuthera pa kudula ndi kumata.

Sindikunena kuti mbiri ya wolemba ilibe ntchito. Ili nayo ntchito yaikulu, koma pokhapokha ikamatsegula chinachake m'bukumo. Tengani chitsanzo cha Beatrix Potter wa ku England. Mwana akalemba kuti mayiyu anabadwa mu 1866 ndipo anamwalira mu 1943, wanena zoona, koma zoonazo sizikumuthandiza kumvetsa chilichonse. Koma akapeza kuti nthano yake yotchuka ya kalulu wotchedwa Peter inayamba ngati kalata yokhala ndi zithunzi imene analembera mu 1893 kamnyamata ka zaka zisanu kamene kanali kudwala, pomwepo amvetsa chifukwa chake ziganizo zake ndi zazifupi, chifukwa chake patsamba lililonse pali chithunzi, ndiponso chifukwa chake nkhaniyo imamveka ngati munthu akulankhula ndi mwana mmodzi yekha ali pambali pa bedi lake. Akapezanso kuti osindikiza mabuku angapo anaikana nthanoyo mpaka mwiniwake anaisindikiza yekha mu 1901, kampani ya Frederick Warne isanaitenge mu 1902, waphunzira kanthu kena kokhudza mmene buku limabadwira, kamene kangamulimbitse mtima tsiku limene mphunzitsi adzamubwezere chimangirizo chake chitadzaza ndi inki yofiira.

Chimodzimodzi ndi Chinua Achebe wa ku Nigeria, amene ambiri amamudziwa ndi mabuku a akuluakulu koma analembanso Chike and the River, buku la ana la mu 1966. Mwini wake anafotokoza kuti anayamba kulembera ana ataona mtundu wa mabuku amene mwana wake wamkazi ankawerenga, mabuku amene sankamupatsa mwana wa mu Africa chithunzi chabwino cha iye mwini. Mwana amene wadziwa zimenezi, n'kudziwanso kuti Achebe anakulira ku Ogidi, kufupi ndi mzinda wa Onitsha umene uli m'mphepete mwa mtsinje wa Niger, adzawerenga ndi maso ena nkhani ya mnyamata wolakalaka kuoloka mtsinje umenewo. Mbiri yotere ndi imene ndikufuna kuona pa chipepala, yokhala ndi chingwe choimangirira ku tsamba lenileni la buku. Mfundo ya mbiri imene mwana sangathe kuilumikiza ndi chilichonse chimene wawerenga ingathe kusiyidwa popanda chotayika.

Pali chinthu china chimene chimaonetsa kufooka kwa ntchito yodalira mbiri yokha, ndipo chimandiseketsa pang'ono. Ana ambiri pa dziko lapansi akondapo mabuku a mtsikana wofufuza milandu wotchedwa Nancy Drew, amene anayamba kutuluka mu 1930 ndipo pachikuto chake pamalembedwa dzina la Carolyn Keene. Wolemba wa dzina limenelo sanakhalepo. Ndi dzina limene kampani ya Edward Stratemeyer inapeka, ndipo mabukuwo analembedwa ndi anthu osiyanasiyana olembedwa ganyu, mmodzi mwa iwo Mildred Wirt Benson, amene analemba ambiri mwa oyambirira. Mwana amene wasankha Carolyn Keene sadzapeza tsiku lobadwa kapena manda oti ajambule, ndipo kwa mphunzitsi wotsata mndandanda wa mbiri mwanayo walephera. Komabe iyeyu ndiye ali ndi funso labwino kuposa anzake onse, lakuti kodi chimene ndimakonda m'mabukuwa n'chiyani ngati anawalemba ndi anthu ambiri, ndipo kodi ndingathe kuzindikira pamene cholembera chasintha dzanja. Mphunzitsi wanzeru angamange phunziro lathunthu pa funso limeneli.

Kudalira mbiri kumachitanso tsankho limene ambiri sitiliona. Olemba a m'zilankhulo zikuluzikulu ali ndi masamba osawerengeka pa intaneti, zithunzi zambiri, ngakhale nyumba zosungiramo zinthu zawo, pamene olemba a m'zilankhulo zina, ngakhale akhale aluso chotani, zolembedwa za moyo wawo zimakhala zochepa. Wophunzira wa m'makalasi apamwamba amene wakonda Samuel Josia Ntara, mlembi wa Nthondo, buku la mu 1933 limene linapambana mphoto ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira, sadzapeza zodzazira chipepala zochuluka ngati mnzake amene wasankha wolemba wa ku London kapena New York. Zotsatira zake n'zakuti ana amasiya wolemba amene amukondadi n'kusankha amene ndi wosavuta kumufufuza, ndipo mosadziwa sukulu imakhala ikuwaphunzitsa kuti mlembi weniweni ndi wa kutali. Ntchito ikakhazikika pa zimene zili m'buku, tsankho limeneli limatha lokha, popeza buku lili m'manja mwa mwanayo ndipo ndi lokwanira.

Za makolo ndinena mwachidule, ndipo ndikudziwa kuti ena sakondwa nazo. Zipepala zina zimene zimapambana sizinapangidwe ndi dzanja la mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo aphunzitsi amadziwa ngakhale sanena. Masiku ano pawonjezekeranso mapulogalamu a pa kompyuta ndi pa foni amene angalembe mbiri ya wolemba aliyense m'kanthawi kochepa, nthawi zina n'kuikamo ndi zabodza zomwe. Ntchito imene makina kapena kholo lingaichite m'malo mwa mwana popanda wina kuzindikira yasiya kuyeza mwanayo. Chimene makina sangachite ndi kuima pamaso pa kalasi n'kunena kuti tsamba ili ndi limene linandichititsa mantha, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi akuluakulu oyendetsa maphunziro ndi lakuti kachongedwe katembenuzidwe, kuti gawo lalikulu la malikisi lipite ku umboni wakuti mwana wawerenga. Mwana awerenge zolemba zosachepera ziwiri za munthu mmodzi, ndipo kwa ana aang'ono zingakhale nthano zazifupi kapena ndakatulo. Akhale ndi kope laling'ono limene azilembamo akamawerenga, osati atamaliza, momwe angakoperemo chiganizo chimene chamugwira mtima pamodzi ndi nambala ya tsamba, mawu atsopano amene wakumana nawo, ndi zimene akuganiza kuti zichitika kutsogolo. Kope lotere limakhala lofufutafufuta, malembo ake opendekeka, masiku ena mzere umodzi wokha, masiku ena tsamba lathunthu, ndipo kusalongosoka kwakeko ndiko umboni wakuti ndi la mwanayo. Pa tsiku loonetsa, asankhe ndime imodzi aiwerenge mokweza, anene chimene chikufanana m'zolemba ziwirizo, kaya ndi momwe wolembayo amayambira nkhani, kaya ndi mtundu wa apangankhani amene amawakonda, kenako ayankhe mafunso awiri kapena atatu ochokera kwa anzake. Mphunzitsi safunika nthawi yaitali kuti adziwe amene wawerenga, chifukwa mwana wowerenga amatsutsana nanu mukanena molakwika za nkhani yake.

Ndikufunanso kuti mwana apatsidwe ufulu wonena chimene sanachikonde. Mawu akuti wapamtima amachititsa ana kuganiza kuti ntchito yawo ndi kutamanda basi, choncho zipepala zonse zimadzaza ndi mawu akuti ndi waluso, ndi wotchuka, ndi wosangalatsa. Mwana amene anganene kuti buku lachiwiri linatha mofulumira ngati wolembayo anatopa, kapena kuti atsikana m'nkhanizo sapatsidwa chochita, wasonyeza kuti wawerenga ndi maganizo ake ali maso, ndipo ayenera kulandira malikisi pa chimenecho m'malo modzudzulidwa kuti alibe ulemu.

Ena adzati mabuku ndi ochepa ndipo si sukulu iliyonse imene ili ndi laibulale yoti mwana aliyense apezemo mabuku awiri a wolemba mmodzi. Zimenezo ndi zoona, koma kusowa kwa mabuku sikuthetsedwa ndi kukopera mbiri ya mabuku amene mwana sanawaone. Kumene mabuku ndi ochepa, ana anayi kapena asanu angatenge wolemba mmodzi n'kumasinthana mabuku amene alipo, kapena mphunzitsi angawerengere kalasi yonse mokweza mutu umodzi patsiku, ana n'kumalemba m'makope awo aja. Enanso adzati pali ana amene luso lawo ndi kujambula ndipo chipepala ndicho chimawapatsa mpata woonekera. Amenewo ajambule ndithu, koma ajambule chochitika cha m'nkhani chimene m'bukumo mulibe chithunzi chake, monga chipinda cha mpangankhani kapena mapu a ulendo wake, pakuti chojambula chotere sichitheka popanda kubwerera m'masamba kukafufuza kuti khomo linali mbali iti ndipo mtsinje unali kuti.

Teremu ikubwerayi aphunzitsi ambiri aperekanso ntchitoyi. Ndikupempha kuti asanaipereke alembe pa bolodi, ana onse akuona, mmene malikisi adzagawidwire, ndipo kuwerenga mokweza, kope la mwana ndi mayankho ake zikhale pamwamba pa mndandandawo, kukongola kwa chipepala kukhale kotsiriza. Makolo nafenso tiuzidwe zimenezi m'kalata yochokera ku sukulu, kuti thandizo lathu kunyumba likhale kumvetsera mwana akuwerenga ndi kumufunsa za nkhaniyo.

Ine wanu,
Kholo lokhudzidwa