Chilengezo: Mgonero ndi Masika

Moni abale ndi alongo nonse mwa Ambuye, makamaka a madera a Kapata, Mchini ndi Navutika.

Abusa ndi akulu a mpingo atituma tikumbutsane kuti Sabata likubwerali kuli Mgonero wa Ambuye, ndiye Loweruka 14 hours tonse tikapezeke ku mapemphero okonzekera, osangotulukira pa gome Lamulungu ngati ku ukwati ayi. Amene muli ndi kakhwinya ndi mnzanu pitani mukakambirane, mukhululukirane kaye, Paulo ananena kale pa 1 Akorinto 11 kuti munthu adziyese yekha asanadye mkate ndi kumwera chikho. Ngati kwanu kuli agogo kapena odwala amene sangathe kuyenda uzani mkulu wa dera lanu msanga kuti abusa awafikire kunyumba.

Sabata linalo ndi masika. Chimanga, nshawa, kandolo, nyemba, nkhuku, ngakhale kambale kamodzi, bweretsani, ndipo a m'tauni amene simulima envulopu ilipo musadandaule. Chaka chatha agogo ena anabwera ndi dzungu limodzi pamutu akuimba, kunena zoona ine misozi inalengeza. Mbali ina ya zoperekazi ipita kwa amasiye, madikoni ndiwo adzalemba zonse.

Amayi a Chigwirizano yunifomu yathunthu chonde. A kalasi ya ubatizo mubwere ndi makadi anu.

Za mafoni tatopa nazo kulengeza, ya wina inalira pakati pa pemphero sabata latha. Zimitsani polowa.

Zikomo, ndine mlembi wa mpingo.